Kumuchotsa Sukulu Sikumuchiritsa

Pafupifupi pa msika uliwonse wa m'mbali mwa msewu wochokera ku Salima kupita ku Balaka, kaya pa Mtakataka, pa Mua kapena pa Golomoti, pamakhala mnyamata amene aliyense amamudziwa. Amayenda wopanda nsapato, tsitsi lili nyankhalala, akulankhula yekha, nthawi zina m'Chingerezi chomveka bwino zedi. Mukafunsa amayi ogulitsa tomato kuti kodi ameneyu chinamuchitikira n'chiyani, yankho limakhala lokonzeka kale: "Ameneyutu anali wanzeru kusukulu. Anthu anamuchitira kaduka, anamulodza." Wina wapambali amanong'ona kuti, "Ayi, n'chamba chimenecho." Onse amapukusa mitu, malonda n'kupitirira.

Ndinene msanga kuti si aliyense wodwala misala amene anasuta chamba. Matenda a maganizo amagwira ngakhale munthu amene sanalawepo fodya kapena mowa chibadwire, ndipo kumunamizira chamba munthu wotereyu n'kumulakwira. Koma tisanamizanenso. Ena mwa anyamata amenewa ulendo wawo unayambira pa kandudu kopichirira papepala la m'kope, kuseri kwa chimbudzi cha sukulu kapena kudambo nthawi ya tchuthi. Kuchokera pa kandudu koyambako kufika tsiku limene anayamba kutola zinyalala pamsika panadutsa zaka. M'zaka zimenezo anali ndi aphunzitsi, makolo, anzake ogona nawo chipinda chimodzi, ngakhalenso bambo mfumu wa parishi yake. Onsewa anali kuti?

Abambo athu ansembe, makolo athu, ndi inu anzanga aseminale, maganizo anga ndi awa. M'sukulu zambiri zogonera konko, za boma ndi za mishoni zomwe, mnyamata akapezeka ndi chamba kapena atakhuta kachasu, nkhani imatha tsiku lomwelo. Amalongedza sutikesi, amapatsidwa kalata, n'kuperekezedwa pa geti. Sukulu yayera. Koma vuto limene mnyamatayo wanyamula silitsala pa getipo. Limakwera naye minibasi mpaka kumudzi, kumene kulibe belu lomudzutsa, kulibe womuyang'anira, ndipo wogulitsa chamba amakhala nyumba yachitatu kuchokera kwawo. Ine ndikuti lamulo likhalepo ndithu, koma kumuchotsa sukulu kusakhale mathero a udindo wathu pa iye.

Bodza limene limakopa ife ana a sukulu mukulidziwa. Amati chamba chimatsegula mutu, ukasuta masamu amalowa okha, ungathe kuwerenga usiku wonse osaodzera. Bodzali limamveka kwambiri mayeso a MSCE akayandikira. Kunyanja lili ndi mbale wake, pakuti asodzi ena amati popanda fodya wamkulu sungapirire mphepo ya mwera usiku pa bwato. Ku minda ya mpunga ya ku Bwanje amati ukasuta umalima ndime ya anthu awiri. Aliyense ali ndi chifukwa chake, ndipo zifukwazo zimakhudza zinthu zenizeni monga kutopa, kuzizira, umphawi ndi mantha olephera. N'chifukwa chake kungomuuza mnyamata kuti chamba n'choipa sikumugwira mtima. Iye akuona ngati chikumuthandiza, makamaka masiku oyambirira.

Zoona zake n'zakuti mankhwala a m'chamba otchedwa THC amasokoneza mbali ya ubongo imene imasunga zinthu zatsopano zimene munthu wangophunzira kumene. Wosuta amakhala pa buku maola atatu akumva ngati nzeru zikusefukira, koma m'mawa mwake mukamufunsa zimene anawerenga amangokanda m'mutu. Chinanso chimene ambiri sitidziwa n'chakuti ubongo sumaliza kukhwima pa zaka 18 monga mmene malamulo amawerengera uchikulire. Mbali yakutsogolo, ya pamphumi apa, imene imathandiza munthu kudziletsa ndi kuganizira za mawa, imapitiriza kukula mpaka cha m'ma zaka 25. Tsono ife a Fomu 1 mpaka Fomu 4 tili ngati nyumba imene akuimangabe, matope asanaume. Akatswiri amawerengera kuti mwa anthu 10 alionse amene amayamba kusuta chamba, pafupifupi mmodzi amakodwa osathanso kusiya mwa yekha. Koma mwa amene amayamba akadali a msinkhu wathu uno, wokodwa amakhala mmodzi mwa 6. Tiyerekeze kalasi ya anyamata 36 onse atalawa: ndiye kuti benchi yonse ya anyamata 6 yapita.

Nanga za misala? Ku Sweden madokotala anatsatira kwa zaka 15 anyamata oposa 45,000 amene analembedwa usilikali m'zaka za 1969 ndi 1970. Zotsatira zake zinatuluka mu 1987. Amene anali atasutapo chamba koposa ka 50 asanalowe usilikali, chiopsezo chawo chodwala misala ya mtundu wa schizophrenia chinali chowirikiza ka 6 poyerekeza ndi amene sanasutepo. Mu 2019 gulu lina lotsogozedwa ndi Dr Marta Di Forti linafufuza m'madera 11 a ku Ulaya ndi ku Brazil, ndipo linapeza kuti wosuta tsiku ndi tsiku chiopsezo chake chimawirikiza katatu, pamene wosuta chamba chaukali tsiku ndi tsiku chimawirikiza pafupifupi kasanu. Ife tikumbukire kuti chamba cha kuno kwathu chinatchuka kunja ndi dzina loti Malawi Gold chifukwa cha ukali wake womwewo. Ena amanyadira dzinali ngati kuti ndi chikho cha mpira.

Wina ayankha kuti, "Koma kwathu kuli agogo amene akhala akusuta kuyambira nthawi ya Kamuzu, ndipo mutu wawo uli bwinobwino." Sindikutsutsa. Ambiri osuta sapenga. Vuto n'lakuti palibe amene amadziwiratu ngati iyeyo ndi wa gulu la agogo aja kapena wa gulu la mnyamata wa pamsika. Amene kubanja kwawo kunakhalapo wodwala matenda a maganizo ali pa ngozi yaikulu koposa, ndipo mabanja ambiri nkhani zotere amabisa, kotero mwana sadziwa n'komwe kuti akuyenda m'mphepete mwa phompho.

Masiku ano kwabwera chodzikhululukira china chatsopano: "Boma linavomereza chamba." Mu February 2020 Nyumba ya Malamulo inavomerezadi lamulo lotchedwa Cannabis Regulation Act, limene limalola kulima chamba chopangira mankhwala ndi zinthu za m'mafakitale, kwa okhawo amene ali ndi chiphaso chochokera ku bungwe la Cannabis Regulatory Authority. Kusuta kuti munthu asangalale kunatsala mlandu pansi pa Dangerous Drugs Act, ndipo ogwidwa amalipitsidwa kapena kulowa ndende. Koma kusiyanitsa kumeneku sikunafike kumudzi. Kumudzi kunangofika mawu awiri oti "chamba chaloledwa". Pamene mu 2021 Unduna wa Zamalimidwe unalembera kalata katswiri wakale wa nkhonya Mike Tyson kumupempha kuti akhale kazembe wa chamba cha Malawi, ine ndikuganiza kuti mwana wa Sitandade 8 sanamvepo za mafuta ndi nsalu. Anamva kuti akuluakulu akuchitamanda.

Tisaiwale mowa, poti ndiwo ukupha anthu ambiri kuposa chamba. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linawerengera kuti m'chaka cha 2019 chokha anthu pafupifupi 2.6 miliyoni anamwalira chifukwa cha mowa. Anzathu a ku Zambia analetsa timapaketi ta mowa totchedwa tujilijili mu 2012. Kuno kwathu boma linaletsa masacheti mu 2015, makampani n'kuthamangira ku makhoti, ndipo masachetiwo atatha mowa womwewo unangosamukira m'timabotolo tating'ono timene timakwana m'thumba la yunifolomu. Mu 2024 anthu angapo anafa ku Blantyre atamwa mowa umene omwawo anautcha okha kuti "Ambuye Ntengeni". Dzinalo lokha likusonyeza kuti ankadziwa chimene akumwa, koma kusiya kunawakanika. Mowa wosadziwika kochokera umatha kukhala ndi poizoni wotchedwa methanol, amene amachititsa khungu kapena kupha m'masiku ochepa. Za kachasu ndiyankhula mosamala, chifukwa ndikudziwa kuti pali amayi amene fizi ya ana awo imachokera pa m'phika womwewo. Sindikuwanyoza. Ndikungowapempha kuti mwana wa sukulu akabwera ndi kapu amubweze monga mmene angafunire kuti wawo abwezedwe kwina.

Achimwene athu amene amapita ku Joni akukumana ndi zina zoopsa koposa: nyaope wa ku South Africa amene amasakaniza ndi heroin, mutoriro wa ku Zimbabwe, ndi mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine amene achinyamata amamwa ngati zakumwa zoziziritsa kukhosi. Basi imene imabweretsa mabulangete ndi mafoni ingathenso kubweretsa zizolowezi zimenezi.

Tsono ndifike pa mfundo imene ndikuiona kuti ndiyo tsinde. Kulawa koyamba munthu amasankha, ndipo pamenepo pali kulakwa kumene ayenera kuyankhapo. Koma pakapita nthawi thupi limazolowera. Ndudu imodzi imene inkamukwanira siikwananso, amafuna ziwiri, kenaka zinayi. Mpira, nyimbo za kwaya, nthabwala za anzake, zonse zimene zinkamusangalatsa zimazirala. Akayesa kusiya, tulo timasowa, chakudya sichilowa, amapsa mtima ndi kanthu kakang'ono, ndipo zimenezi zimatha sabata imodzi kapena ziwiri. Chibaba chimenechi chimakhala m'thupi ndi muubongo, sichimva kukalipira. Panthawi imeneyi mnyamatayo akusuta kuti angokhala ngati munthu wamba, chisangalalo chija chinatha kalekale. Wafika pa matenda. Ndipo kwathu kuno munthu wodwala sitimuthamangitsa pakhomo n'kutseka chitseko.

Eklezia yathu inaphunzira zimenezi movutikira. Ku China kunali dotolo wina wachikatolika dzina lake Mark Ji Tianxiang. Atadwala m'mimba anayamba kumwa opium ngati mankhwala, ndipo anakodwa. Ankapita kukalapa kawirikawiri, koma poti ankabwereza tchimo lomwelo, wansembe anaganiza kuti alibe mtima wofuna kusintha, n'kumuletsa masakramenti. Anakhala zaka 30 osalandira Ukaristia, koma ku Misa sanaleke kupita. Mu 1900, pa chipolowe cha ma Boxer, anaphedwa pamodzi ndi abale ake chifukwa chosalola kutaya chikhulupiriro chake. Pa 1 October 2000 Papa John Paul II anamuika m'gulu la oyera. Opium uja anali asanamusiye mpaka tsiku la imfa yake. Wansembe amene anamuletsayo sanali munthu woipa, anangoweruza ndi nzeru za nthawi yake. Ife tili ndi nzeru zimene iye analibe.

Pepani abambo athu, ndinene ichinso mwaulemu: mowa suopa mkanjo. Ku America, mu 1956, mkhristu wina wamba dzina lake Austin Ripley, amene iye mwini anavutikapo ndi mowa, anatsegula nyumba yotchedwa Guest House m'chigawo cha Michigan yothandiza ansembe amene agwidwa ndi uchidakwa kuti achire n'kubwerera ku utumiki wawo. Ngati Eklezia inaona kuti wansembe wa zaka 50 ngoyenera kuchiritsidwa, mnyamata wa zaka 16 sangakhale wongoyenera kupatsidwa ndalama ya minibasi basi.

Ndikudziwa yankho la akuluakulu athu, ndipo n'lomveka. Nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Bambo mkulu wa seminale kapena mphunzitsi wamkulu ali ndi ana a eni ake mazanamazana oti awateteze. Seminale si chipatala, ilibe anamwino odziwa za matenda amenewa, ndipo imaumba anthu amene mawa adzapatsidwa maparishi. Zonsezi ndikuvomereza. Wogulitsa chamba kwa anzake, kapena wokakamiza ana a Fomu 1 kusuta, achoke tsiku lomwelo. Ngakhale wosuta chabe, nthawi zina kuchoka n'koyenera. Funso langa lili pa kachokedwe kake.

Pali chinthu chimodzi chimene ife ogona ku hositelo timachiona bwino kuposa akuluakulu. M'sukulu iliyonse yogonera konko, anyamata amadziwa za mnzawo miyezi yambiri aphunzitsi asanadziwe. Amaona maso ofiira, amamva fungo pa juzi, amaona sopo ndi shuga zikugulitsidwa temu isanafike pakati. Amakhala chete, chifukwa akudziwa kuti kuulula n'chimodzimodzi kumuphera mnzawoyo tsogolo, ndipo palibe amene amafuna dzina la kazitape. Mwini wakenso, ngakhale atafuna thandizo, sangagogode pa chitseko chimene akudziwa kuti kuseri kwake kuli kalata yomuchotsa. Motero lamulo lokhwima lija, limene linaikidwa kuti liteteze ana, limathandiza kubisa matenda mpaka atakula. Bwanji pasakhale kusiyana kolembedwa poyera pakati pa mnyamata amene wagwidwa ndi amene wabwera yekha, kapena wabweretsedwa ndi mnzake, kwa bambo wauzimu? Wachiwiriyu asaweruzidwe ngati woyamba uja. Aitanidwe makolo, apite kuchipatala, apatsidwe nthawi yomuyesa. Anyamata akadzaona mnzawo mmodzi atathandizidwa motere osachotsedwa, adzayamba kulankhula msanga.

Ndipo amene ayenera kuchokayo asachoke ndi kalata yongoti "khalidwe losayenera". Mawu amenewa sauza kholo chilichonse. Makolo aitanidwe, auzidwe chinthucho ndi dzina lake, kuti ndi chamba kapena ndi mowa, ndi kuti chakhala chikuchitika kwa nthawi yaitali bwanji. Pakhale kalata ina yopita kwa dotolo, ina kwa bambo mfumu wa kwawo. Athandizidwe kupeza malo pa sukulu ina yoyendera kuti mayeso asamupite, chifukwa mnyamata amene wataya sukulu n'kumangokhala pakhomo watsala ndi chamba chokha chomusangalatsa. Pakatha miyezi itatu wina aimbe foni kufunsa kuti ali bwanji. Zimenezi sizifuna ndalama zambiri.

Kwa inu makolo athu, pempho langa lili pa nthawi. Mwana akayamba kusagona usiku, kuseka yekha, kunena kuti akumva mawu kapena kuti anthu akumulondalonda, mabanja ambiri amayamba kwa asing'anga kapena ku mapemphero a usiku. Mbuzi zimagulitsidwa, azakhali ena okalamba amalozedwa chala, chaka n'kutha. Pofika kuchipatala mwanayo amakhala ali pa chingwe. Madokotala amanena kuti misala ikakhala nthawi yaitali osalandira mankhwala, kuchira kwake kumavutanso kwambiri. Kupemphera sitikukana, ndife ana a pemphero, koma pempherani muli pa mzere wa kuchipatala. Yambirani pafupi, pa chipatala cha Mtakataka kapena cha mishoni ku Mua, ndipo iwo akutumizani kumene kukufunika, kaya ku chipatala chachikulu cha Dedza kapena ku Zomba Mental Hospital. Abale a chipani cha St John of God, amene anayamba ntchito yawo ku Mzuzu mu 1993 ndipo alinso ku Lilongwe, amathandizanso anthu ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Chenjezo lina ndi ili: munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku lililonse musamutsekere m'nyumba kuti asiye mwadzidzidzi. Pakatha masiku awiri kapena atatu angathe kuyamba kunjenjemera, kuona zinthu zimene palibe ndi kukomoka ngati wakhunyu, ndipo ena amafa nazo. Kusiya kwa munthu wotereyu kumafunika dotolo pafupi.

Ena anena kuti anthu a kuno sangasinthe. Koma dera lathu lomwe lino linaonetsa dziko lonse kuti chinthu chimene aliyense amachidziwa koma osachinena chingathe kugonjetsedwa. Inkosi Theresa Kachindamoto, atalowa ufumu mu 2003, anapeza ana aakazi a zaka 12 ali ndi makanda kumsana, anthu n'kumati ndi mmene zimakhalira. Iwo anathetsa maukwati a ana oposa 800 m'zaka zochepa, anaimitsa mafumu amene ankalekerera, ndipo anaika amayi ndi abambo achinsinsi m'midzi kuti aziyang'anira ngati ana akupita kusukulu. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti sanathere pothetsa ukwati. Ankaonetsetsa kuti mwanayo wabwerera m'kalasi, nthawi zina fizi n'kulipira okha. Miphakati yathu ili m'mudzi uliwonse, ndipo imadziwa nyumba imene muli mnyamata wobwezedwa kusukulu. Akuluampingo amayendera odwala malungo ndi okalamba mokhulupirika. Nyumba ya mnyamata wa chamba amaidutsa, mwina poopa kuchititsa manyazi makolo ake, pamene makolowo akungosowa woyamba kuwalankhula.

Msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi ukubwerawu udzakamba za fizi, za chimanga ndi za denga la hositelo monga mwa nthawi zonse. Ndikupempha kuti pa mndandanda wa zokambiranazo, pano ndi m'sukulu zina zonse za m'dayosizi yathu, pawonjezedwe funso limodzi: mwa anyamata amene anachotsedwa chifukwa cha chamba kapena mowa m'zaka zisanu zapitazi, ndi angati amene tikudziwa kumene ali lero, ndipo ndani anapita kukawaona?